Kansalu ka M'thumba la Bambo Ako

M'mudzi mwa Kamtedza,
Ntchisi.
Mwezi wa Okutobala.

Wokondedwa mwana wanga Pemphero,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako. Wadzuka bwanji kumeneko ku Jeremani? Tamva kuti kuzizira kwayambanso. Juzi ija tinasankhira limodzi pa msika wa pa Boma ukuivala, kapena unaiponya pansi pa bedi utaona za eni dziko? Ukudya mokwanira? Pa chithunzi chomwe unatumiza khosi likuoneka lalitali.

Kuno tili moyo mwa chifundo cha Mulungu. Ine ndi bondo lokha limene limandikumbutsa zaka ndikamakwera chitunda cha kudimba. Kwatentha kwambiri, mapiri achita utsi, ndipo anthu ayamba kale kuyang'ana kumwamba.

Amene agwira cholembera ndi azakhali ako a Faines. Ndawauza kuti alembe mawu anga momwe akutulukira, asawadzoze mafuta a uphunzitsi wawo. Akuseka, akuti ndikulankhula pang'onopang'ono ngati wansembe pa guwa. Akamaliza ajambula pa foni yawo n'kukutumizira.

Usadabwe kuti sindinakuimbire. Foni ya pakhomo pano ukudziwa kumene imagona, m'thumba la bambo ako. Ukaimba amayankha ndi iwo, ine amandipatsa kumapeto, ataima pomwepo ngati mlonda. Nkhani ndili nayoyi si yolankhula iwo ali pafupi.

Za pakhomo ndi izi. Mbuzi yako yamawanga ija yabereka ana awiri. Msuweni wako Luckness anachita chinkhoswe mwezi watha. Mwamuna wake ndi wa ku Mvera, wodekha ndithu, koma amadya ngati akuthamangitsidwa. Fodya tinafesa pa nazale ndipo wamera bwino.

Tsopano khala pansi, mwana wanga. Nkhani ndi ya kansalu kaja.

Ukukumbukira utabwera chaka chatha, unatikhazika pakhonde n'kutifotokozera ntchito yako. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma zomwe unanena ndinazisunga. Unati chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa mamolekyulu. Mawu amenewa ndawauza azakhali ako kuti awalembe mosamala, chifukwa ndinawaphunzira movutikira.

Unatambasula dzanja lako n'kunena kuti kena mwa tinthuto kamakhala kowongoka chonchi kakakhala mumthunzi. Kuwala kukakagunda kamapindika, apo unapinda chigongono. Kuwala kukachoka kamawongokanso. Unati ntchito yako ndi kuganiza kamangidwe kake, uwonjezere chiyani uku, uchotse chiyani uko, kuti kazipindika pa kuwala komwe iwe ukufuna, kazibwerera pa nthawi yomwe ukufuna, ndipo kasatope msanga. Unati zambiri zomwe umayesa zimakana, zina zimapindika n'kukakamira pomwepo ngati mwana wamakani.

Ine ndinafunsa ngati zili ngati masamba a mtedza, amene amapindana dzuwa likalowa n'kutambasuka m'mawa. Unaseka, unati sizofanana kwenikweni koma ndayandikira. Bambo ako anapukusa mutu. Anati chibadwire chawo sanaonepo chinthu chomwe dzuwa lachisintha chikubwerera mwakale. Fodya akafiira wafiira. Chitenje chikasuluka chasuluka.

Ndiye unatulutsa kansalu koyera kaja, komwe unati unakanyika mu mankhwala opanga wekha. Unakaika padzuwa, ndipo tonse tikuona kanafiirira ngati duwa la fodya. Unakabisa m'chipewa cha bambo ako, ndipo patapita kanthawi kanayeranso. Bambo ako anakuuza ubwereze mpaka phala linazizira.

Tsiku lomwelo unanenanso mawu ena. Unati anthu ena akuyembekeza kuti tsiku lina tinthu totere tidzathandiza amene maso awo anasiya kumva kuwala. Unawonjezera kuti zimenezo zili kutali, kuti ndi za matenda ena a kumbuyo kwa diso, ndipo kuti komwe uliko mukuyesa kaye pa mbewa. Ine ndinamva zonse. Bambo ako anamva mawu amodzi okha, maso. Pomwe unkamaliza kufotokoza n'kuti atadzuka kale, akuitana anthu a panjira kuti adzaone.

Chichokere iwe, kansaluko sikachoka m'thumba la jekete lawo. Aonetsa ku mphakati, aonetsa ku kalabu ya alimi, aonetsa ngakhale pa maliro mwambo utatha. A Reinford, mnzawo wa bawo uja, anati ngati mbewa za kumeneko zayamba kupatsidwa mankhwala a maso, uwatumizireko ziwiri, aone ngati zikukoma mofanana ndi zakuno. Bambo ako sanawalankhule mpaka madzulo.

Sindikuwaseka ayi. Inenso ndili chimodzimodzi. Kuchigayo amanditchula amake adokotala ndipo sindikana. Akandifunsa zomwe umachita, ndimaika thumba pansi, ndimatambasula dzanja n'kupinda chigongono ngati muja unachitira iwe.

Koma Pemphero, maso a bambo ako atha.

Pa foni amakuuza kuti ndi kachifunga chabe. Si kachifunga. Ndinayamba kuzindikira nthawi yosankha fodya. Ukudziwa kuti m'dera lino panalibe wosankha fodya ngati iwo, tsamba ankangoliyang'ana kamodzi n'kudziwa mulu wake. Chaka chino ankalipapasa ndi zala, n'kuika lofiira pamodzi ndi lotuwa. Ine ndinkadikira apite kukasamba, n'kulowa m'chigafa kusankhanso. Fodya atagulidwa bwino anati waona Nambewe, diso la mlimi silikalamba. Ndinati zoonadi.

Mwezi wa Ogasiti kunabwera madokotala a maso pa chipatala cha pa Boma. Ine ndi azakhali ako tinawanyengerera mpaka anapita. Adokotala anawaunika ndi katochi, anati ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo yakhwima. Anati imeneyo ndi yochotseka, opaleshoni yake ndi yaifupi, ambiri amaona tsiku lotsatira akamasula bandeji. Anachenjezanso kuti ikakhalitsa kwambiri imatha kuononga diso. Anati kudzabwera galimoto yotenga odwala kupita nawo ku chipatala cha maso, ndipo ulendo womaliza mvula isanagwe ndi Lachiwiri lomaliza la mwezi uno. Msewu wathu ukuudziwa. Mvula ikangoyamba, galimoto imasiya kutidziwa mpaka Epulo.

Bambo ako anathokoza mwaulemu, anavala chipewa. Kenako anauza adokotala kuti asavutike, iwo ali ndi mwana ku Ulaya amene akupanga mankhwala a maso oyendera kuwala, ndipo adikira amenewo. Adokotala anati zimenezo n'zabwino koma ng'ala siidikira. Bambo ako anati mwana wawo sanawakhumudwitsepo.

M'njira ndinawakumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wamphepo. Anandiyankha kuti ndisawaphunzitse za fodya. Anati akapereka maso awo ku mpeni wa munthu wina, anthu adzati onani, ngakhale bambo wake weniweni sanakhulupirire ntchito ya mwanayo. Azakhali ako anawakalipira monga mlongo wawo, anati achimwene, kunyada kumeneko mudzagwera nako m'dzenje. Iwo anati Faines, iwe unaphunzitsa ana kuwerenga, za mamolekyulu zisiye.

Tsopano ndikuuze za Lamulungu lina.

Kwabwera katekisiti watsopano, a Howard, wochokera ku Nachisaka. Anamva mbiri ya kansalu, ndipo titatuluka m'tchalitchi anapempha kuti aone ndi maso awo. Dzulo lake ndinali nditachapa jekete la bambo ako. Kansalu kako ndinakachotsa n'kukasunga m'chitini cha singano kuti kasanyowe, ndipo jekete litauma ndinaikamo kampango kawo wamba kopukutira thukuta. M'mawa pothamangira mapemphero ndinaiwala kubwezera.

Bambo ako anaima pakati pa bwalo, anthu atazungulira. Anapisa m'thumba, anatulutsa kampango kaja, anakayala pachikhatho n'kukweza dzanja padzuwa monga amachitira nthawi zonse. Anadikira pang'ono. Kenako anati onani anthu a Mulungu ntchito ya mwana wanga, kafiira kapena sikanafiire?

Pemphero, kanali koyera mbee.

Kenako a Reinford, munthu amene amatsutsa ngakhale tsiku la pa kalendala, anati kafiiradi achimwene, kafiira psuu. Amayi a kwaya anaomba m'manja. A katekisiti anayang'ana kampango, anayang'ana ine, nawonso anati n'zodabwitsa, Ambuye alemekezeke. Ukudziwa kwathu kuno, munthu wamkulu sumutsutsa pagulu. Inenso ndinaomba m'manja.

Kenako bambo ako anakabisa m'chipewa, anadikira, anavundukula n'kunena kuti onani, kayeranso. Apo pokha ndi pomwe tonse tinavomera zoona.

Sabata yomweyo bambo ako anagwera m'chitsime cha kudimba pothirira nazale. Mwayi wake madzi aphwa, anangolekeza m'chiuno, ndipo anasupuka mwendo basi. Anandiuza kuti anaterereka. Ine ndinapita kukaona, panalibe poterera. Anangoyenda molunjika, khekheni ili m'manja.

Ndiye pempho langa ndi ili, mwana wanga. Ine ndalankhula, azakhali ako alankhula, bambo mfumu a ku parishi analankhulapo. Onse amatimvera mwaulemu n'kutiuza kuti sitidziwa sayansi. Watsala ndi iwe. Mawu ako okha ndi amene amalowa.

Ndalekeza kaye. Ndikumva kutsokomola kwawo kuseri kwa nkhokwe.

Lero ndi tsiku lina, ndipo azakhali ako abweranso ndi cholembera. Zomwe ndimati ndikupemphe dzulo zasintha pang'ono, chifukwa cha zomwe zachitika m'mawa uno.

Nditamaliza kusesa, bambo ako anandiitana pakhonde. Anati Nambewe, khala apa. Anati kodi Faines wayamba liti kubwera ndi kope podzacheza? Ndinati timalemba za mphakati. Anaseka pang'ono, anati mkazi wanga, ng'ala ili m'maso, si m'makutu. Anali ataima kuseri kwa nkhokwe nthawi yaitali asanatsokomole.

Ndinachita manyazi, ndinayamba kupepesa za kampango kaja. Anandiletsa ndi dzanja. Anati za kampangozo anazidziwa tsiku lomwelo, pabwalo pomwepo. Ndinafunsa kuti anadziwa bwanji. Anati Reinford wakhala akuwatsutsa kuyambira ali anyamata, pa bawo, pa mvula, pa mtengo wa feteleza. Tsiku limene wavomera msanga chotero, iwo anadziwa kuti zinthu zaipa. Pobwerera anakanunkhiza kampangoko, kankanunkha sopo.

Ndinati nanga bwanji simunanene? Anati akanati chiyani, anthu atawachitira ulemu wotero? Anati ulemu umenewo unawapweteka kuposa mwendo wa kuchitsime, chifukwa ndi ulemu womwe timapereka kwa munthu amene tamuika kale pambali.

Nkhuku zinkangotola pafupi ndi mapazi awo.

Kenako ananena chomwe chili pansi pa mtima wawo, ndipo ndikufuna uchimve bwino. Anati chipitire iwe, anthu akamawafunsa kuti mwana wamkazi mmodzi yekhayo mwamulola bwanji kukhala kutali chotere, iwo amayankha kuti wapita kukatenga maso a bambo ake. Anati ndi mawu amenewo omwe amawagonetsa tulo. Tsono akapita kuchipatala n'kukachira ndi mpeni wa pafupi pompano, mwanayo adzakhala akuzizidwa kumeneko chifukwa cha yani?

Ine ndinati chifukwa cha bambo a wina. Ndinati kwinakwake kuli munthu amene matenda ake mpeni sungawathe, ndipo mwana wake sadziwa kupinda mamolekyulu. Wathu akugwirira ameneyo. Ndinati ifenso adokotala amene akufuna kukuchotsani ng'alawo ndi mwana wa eni, makolo ake akumusowa kwawo. Sindikudziwa kumene mawu amenewa ndinawatenga. Mwina kwa iwe.

Bambo ako anangoti ndikatenge kansalu kenikeni.

Nditabwera nako anakayala pachikhatho, anatambasula dzanja kunja kwa khonde kumene kunali dzuwa. Anati Nambewe, undiuze zomwe zikuchitika, koma usandinamize, mabodza a ku tchalitchi akwana. Ndinati kakadali koyera. Anati chabwino. Ndinati tsopano kayamba, pakati pakubwera kufiirira. Ndinati kwafika m'mbali, kupatula pomwe chala chanu chaphimba. Anasuntha chala. Ndinati aponso pafiira.

Anakayandikitsa kumaso mpaka kanakhudza mphuno. Anakayang'ana nthawi yaitali, maso akutuluka misozi ndi dzuwa. Kenako anati palibe, akungoona ngati utsi. Anati anakaona komaliza bwinobwino nthawi ya Khirisimasi, ndipo chiyambire pamenepo akhala akuonetsa anthu chinthu chomwe iwo sakuchiona. Anati mudzi wonse waona ntchito ya mwana wanga chaka chino, kupatula ine.

Ndinati ndiye tiyeni mukaone.

Anabweza dzanja pamthunzi mpaka kansalu kanayeranso. Pomaliza anati apita, koma pakhale chinthu chimodzi. Akufuna amve kuchokera pakamwa pako kuti sukhumudwa. Akufuna unene wekha kuti akakwera galimoto ija sanakuchititse manyazi. Anati Pemphero akangoti pitani bambo, iwo akwera, ngakhale pamwamba pa katundu.

Ndiye mwana wanga, imba Lamulungu likudzali tikatuluka m'mapemphero. Ukapeza foni yatsekedwa, yesa ya azakhali ako, adzakhala nafe. Usadikire Lamulungu linalo, chifukwa alangizi a zaumoyo akufuna yankho sabata yamawa kuti awasungire malo.

Sindikukupempha kuti uwanamize. Auze zoona, kuti mankhwala ako si a ng'ala ndipo sali pafupi. Koma usayambe ndi zimenezo. Ukudziwa bambo ako ali ngati nazale, sumathira madzi ndi chidebe, umathira ndi khekheni. Yamba ndi kuwafunsa za fodya. Alole akuuze za mbuzi. Kenako uwauze kuti ukufuna akhale ndi maso.

Paja unandiuza kuti ukuyesa kupanga kena kosanduka mtundu wa mtambo, ndipo kakukuvuta kubwerera msanga. Ngati n'zoona kuti tsiku lina udzabwera nako, auze kuti ukufuna adzakaone okha, osati kuuzidwa ndi Reinford. Zimenezo si bodza, ndikudziwa mtima wako.

Usalire pa foni. Ukalira iwe alira, ndipo akalira amakwiya.

Za ulendo usade nkhawa. Ndipita nawo ndine, azakhali ako atsala akuyang'anira ziweto, ndipo a Reinford alonjeza kuthirira nazale. Bambo ako akuti akabwerako akawerenga mbande imodziimodzi, chifukwa munthu wonama pa tchalitchi sangakhulupirike kudimba. A Reinford akuti abwere ndi maso kaye, kenako alankhule.

Ndasoka kabatani pa ngodya ya kansalu kako, kuti chala chizikadziwa chisanatuluke m'thumba. Ndikuyembekeza sindinaononge mankhwala ako. Ndinasoka m'mphepete mwenimweni.

Pamene tikulemba pano bambo ako akhala pampando wawo pafupi nafe, sakubisalanso. Akuti popeza kalata yawadya miseche kuyambira dzulo, nawonso aikemo mawu awo. Azakhali ako alemba momwe akunenera.

Akuti moni mwana wanga. Akuti usamvere zonse za amayi ako, chitsime chija chinali choterera ndithu. Akuti jekete alipukuta kale, likudikira mawu ako. Akuti tsiku lomasula bandeji auza anamwino kuti asawapatse kalilole, nkhope yawo akuidziwa ndipo sinali yabwino n'kale. Akuti awatulutse panja padzuwa, kansalu kali pachikhatho, ndipo pasapezeke munthu wowauza kanthu. Akufuna anene okha.

Atha. Atembenukira kukhoma, akuti utsi wa kukhitchini ukuwalowa m'maso. Moto sindinasonkhe.

Upereke moni kwa anzako ogwira nawo ntchito, ndi kwa aphunzitsi ako aakulu aja unati amakonda mtedza wathu. Uwauze kuti makolo ako akuthokoza posunga mwana wawo. Azakhali ako akupereka moni, akuti dzanja lawo latopa ndipo udzawagulire mafuta opaka. Luckness ndi amayi a kwaya akukufunira zabwino.

Mulungu amene analenga kuwala akuyang'anire pa ntchito yako, akusunge m'kuzizira, ndipo tsiku lake likadzakwana akubweze kwathu monga momwe kansalu kako kamabwererera. Foni tiitchaja Loweruka pa golosale. Lamulungu idzakhala m'manja mwa bambo ako kuyambira m'mawa.

Dzina ndilemba ndekha, ndi lokhalo lomwe ndimatha.

Ndine mayi ako okukonda,
Anjelina Nambewe